Wolima Camba Asanene Kuti Osuta Ali ku Lusaka

M'miyezi ya April ndi May, pamene cimanga ciuma ndi masamba ake agwa, zobisika za m'minda zimaonekera poyera. Pakati pa mizere, kutali ndi njira ya anthu, pamatsala mbeu ina yobiriwira, ya masamba onga zala za dzanja. Palibe wa m'mudzi amene saidziwa. A mfumu aidziwa, a pampando a nthambi aidziwa, ndipo anyamata oweta ng'ombe aidziwa kuposa onse. Koma mukakhala pansi ndi mwini munda ndi kumfunsa mwaulemu, yankho lake limakhala limodzimodzi kulikonse: "Ine sindisuta ai. Ndingolima, ndigulitsa, ndipezapo ya feteleza. Osuta ali ku Lusaka."

Mau amenewa ndawamva kambiri pa nchito yanga yoyendera midzi ya m'Cigawo ca Kum'mawa, ndipo ndifuna kuwayankha pano. Owanena si mbala kapena zigawenga. Ambiri ndi anthu aulemu wao, osaphonya msonkhano, oyamba kufika pamaliro ndi khasu. Amakhulupiriradi kuti tsoka la camba limakwera lole ndi kutsikira kutsidya kwa ulalo wa Luangwa, ndi kuti kumudzi kumatsala ndalama zokha. Cikhulupiriro cimeneci ndi colakwa, ndipo dziko lathu lenilenilo linacilipirapo kale mtengo waukulu.

Acikulire akumbukira dzina la Mandrax. Anali mapiritsi ogonetsa tulo, amene madokotala analeka kupereka ataona kuti anthu ayamba kuwamwa monga mowa ndi kulephera kuwasiya. M'zaka za m'ma 1980 mapiritsiwa anali kupangidwa ku India, kulowa m'dziko muno mobisa, ndi kupitirira ku South Africa, kumene anali kuwapera, kuwasanganiza ndi camba ndi kusutira m'khosi la botolo losweka. Masiku amenewo mtengo wa mkuwa unali utagwa, ndalama zakunja zinali kusowa, ndipo anthu anali kuima pamzere kuyembekezera sopo ndi saladi. Pakati pa kusowa konseko panabuka anthu ena olemera modzidzimutsa, oyendera magalimoto atsopano ocokera kum'mwera. Ambiri anaona nakhala cete, ndipo ena anacita nao kaduka. Cifukwa ca kukhala cete kwao cinali comweci: mapiritsiwo sitimwa ndife, angopita.

M'caka ca 1985 Mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Dr Kenneth Kaunda, analamula kuti anthu oposa 20 atsekeredwe pa nkhani imeneyi, pakati pao eni malonda akuluakulu ndi ena amene anakhalapo pa maudindo apamwamba m'Boma, nakhazikitsa bwalo lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Chaila. Mu 1989 Boma linakhazikitsa bungwe la Drug Enforcement Commission, limene tonse timalidziwa ndi dzina lakuti DEC, kuti likhale ndi nchito imodzi yolimbana ndi malonda otere. Koma njira zinali zitalambulidwa kale, onyamula anali ataphunzira nchito, ndipo m'njira zomwezo munayamba kupita zina zoopsa koposa. Heroin, wopangidwa ndi mbeu yolimidwa ku Asia, amafika pa magombe a Tanzania ndi Mozambique, ndipo wina amalowa muno pa malire athu. Ogulitsa akulu salipira wonyamula ndi ndalama zokha. Amampatsako katundu yemweyo kuti adzigulitsire, ndipo iye amafuna ogula pafupi ndi kwao. Ndimo mmene dziko limene linali njira cabe linakhalira msika. Amene wafika ku Lusaka m'zaka zino waona anyamata ogona m'makonde a masitolo, amene anthu awacha majanki, ndipo wamva dzina la Chibolya ndi ufa umene amauti volo. Ngalande imene mupita madzi siikhala youma.

Tsono tibwerere kumunda kuja. Ndani amakolola cambaco? Ndani amaciyanika pobisika, kucimanga, ndi kucitengera panjinga usiku kunsi kwa thumba la nshawa kapena la makala? Mwini munda wa zaka 60 sapalasa njinga usiku. Amatuma mwana wake, mdzukulu, kapena mnyamata wa ganyu, ndipo kawirikawiri malipiro a mnyamatayo amakhala kakhuthu ka camba comweco. Anyamata oweta ng'ombe, amene makolo awacotsa kusukulu kuti alipidwe ng'ombe patapita zaka, amakhala kuchire tsiku lathunthu opanda wamkulu wowayang'anira, ndipo munda uja audziwa. Mwana wa zaka 12 amayambira kumeneko. Akafika kusekondale, ngati afikako, aphunzitsi amayamba kudandaula kuti mwana uja anali wanzeru watani, ndipo atate ake amadabwa pamodzi nao monga ngati sadziwa.

Tiyenera kunena zoona zokhazokha za mbeu imeneyi, pakuti acinyamata akatigwira bodza limodzi saticheranso khutu. Sikuti aliyense wolawa camba amapenga, ndipo sikuti aliyense amagwidwa naco ukapolo. Mwana wanu aona anzake osuta amene ali bwino, ndipo mukamuuza kuti onse amapenga adzaseka. Cimene madokotala apeza ndi ici: mwa anthu 10 osuta, pafupifupi mmodzi amafika poti sangathe kukhala popanda camba; koma mwa amene ayamba akali ana a sukulu, amakhala mmodzi mwa 6. Cifukwa cake ndi cakuti bongo wa munthu supsa msanga. Umapitiriza kukhwima mpaka zaka ngati 25, ndipo mbali yomarizira kukhwima ndiyo imene imamuuza munthu kuti leka, yembekeza, ganiza za mawa. M'camba muli mankhwala ochedwa THC amene amafika ku bongo mphindi zocepa munthu atakoka utsi. Amasokoneza cikumbumtima ca zinthu zatsopano, kotero kuti mwana awerenga tsamba lonse koma pomariza sadziwa cimene wawerenga. Amacedwetsa maso ndi manja, ndipo wa panjinga yamoto aona mbuzi pamseu koma mwendo ufika pabuleki mocedwa.

Cibaba cimene tikunena pano si nkhani ya mwano kapena ulesi. Bongo ukazolowera kulandira cisangalalo kucokera ku utsi, umacepetsa cisangalalo cake cacibadwa. Nsima, mpira, nkhani za pabwalo, zonse zimazizira. Ndudu imodzi imene inali kukwana dzulo lero siikwana. Pa ciyambi mnyamata anali kusuta kuti akondwe. Tsopano asuta kuti angokhala monga munthu wamba. Akayesa kuleka, tulo timasowa, cakudya cimakanika, mtima umapsa pa kanthu kacabe, thukuta limacita kutsika usiku, ndipo izi zimatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ambiri amagonja. Apo ndi pamene nkhuku zimayamba kusowa m'khola, mbeu ya caka camawa igulitsidwa, ndipo amai amayamba kugona ndi ndalama m'cikwama ca m'ciuno m'nyumba yao yomwe.

Nkhani ya misala ndiyo yolemera kopambana. Mu 2019 madokotala anafalitsa zimene anapeza m'malo 11 a ku Ulaya ndi ku Brazil, atayerekeza odwala misala kwa nthawi yoyamba ndi anthu ena a m'malo omwewo. Anapeza kuti kwa osuta camba tsiku ndi tsiku ngozi ya kudwala misala inali yaikulu katatu kuposa kwa osasuta, ndipo kwa osuta camba caukali tsiku ndi tsiku inafika pafupifupi kasanu. Ngozi imakula ngati munthu anayamba ali wamng'ono, ndiponso ngati m'banja mwao munali kale wodwala maganizo.

Ziwerengero zotere ndinazimvetsa bwino tsiku lina pamene tinaima pamudzi wina kupempha madzi a m'galimoto. Kuseri kwa nkhokwe kunali mnyamata wa zaka ngati 20, womangidwa cingwe ca ng'ombe kumwendo ndi kumtengo wa mango. Anali kulankhula ndi anthu amene ife sitinali kuwaona. Cingwe cinali citadya khungu, ndipo nchenche zinali pabala. Nditafunsa, anandiuza kuti walodzedwa, kuti anali woyamba m'kalasi ndipo ena anamcitira nsanje. Banja linali litagulitsa mbuzi ziwiri kulipira ng'anga, ndipo ng'angayo inaloza ambuye ake akazi a mnyamatayo, nkhalamba yosaona bwino, imene tsopano inali kudya yokha ndipo ana analetsedwa kuipatsa moni. Mlongo wake wamng'ono ndiye anandinong'oneza potiperekeza kuti acimwene ake anayamba kusuta ali m'giredi 6, ndi kuti camba anali kucitenga kudimba kwa amalume ao. Amalumewo analipo pa bwalo lomwelo, ndipo ndiwo anali kulankhula mokweza za ufiti. Sindinganene motsimikiza kuti camba cokha ndico cinadwalitsa mnyamatayo, pakuti sindine dokotala. Koma pamudzi ponse panalibe mmodzi anaganizapo za dimba lija, ndipo mlandu wonse unagwera nkhalamba yosalakwa.

Ena adzati: nanga makolo athu sanali kusuta? Analidi kusuta ena, sitikana. Koma funsani nkhalamba za kwanu kuti ndani anali kusuta, ndi kangati. Adzakuuzani kuti anali amuna akulu owerengeka, okhala pambali, ndi kuti mwana wopezeka ndi cikololo ca agogo ake anali kuona zakuda. Panalibe womlipira mwana ndi camba, panalibe wocigulitsa pa cipata ca sukulu. Ena amati cimapatsa mphamvu ya kulima. Cimene cimacita ndi kubisa kutopa kwa kanthawi, monga mmene mowa ubisira mphepo. Thupi limatopa ndithu, ndipo mawa lake munthu sadzuka popanda ndudu ina. Yendani muone ngati munda wa wosuta ndiwo wopaliridwa bwino m'mudzi mwanu.

Ndiponso camba siciyenda cokha. Mu April 2012 Boma, kupyolera mwa nduna Nkandu Luo, linaletsa timapaketi ta mowa waukali ta tujilijili, popeza ana a sukulu anali kutiika m'matumba a yunifomu. Timapaketi tinacepa, koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo, ndipo kacasu sanacoke m'midzi. Pamwamba pa izi pafika mankhwala a m'cipatala ogulitsidwa mwakuba: manyuci a cifuwa okhala ndi codeine, mapiritsi a Valium, ndi Tramadol wopha ululu. Awa makolo ambiri sawaopa, pakuti ali m'botolo loyera lolembedwa bwino. Komatu codeine akalowa m'ciwindi, wina amasanduka morphine, mbale wake wa heroin, ndipo cibaba cake n'coopsa kuposa ca camba. Mankhwala amenewa amacedwetsa kupuma. Munthu akawasanganiza ndi mowa kapena ndi Valium, mpweya umacepa pang'onopang'ono ali m'tulo, ndipo anzake amangoti waledzera, msiyeni agone. Mukaona munthu wotere aliza mkonono wacilendo, sadzuka pomgwedeza, milomo yasintha mtundu, mgonekeni cam'mbali kuti masanzi asamtsamwitse, ndipo thamangani naye kucipatala usiku womwewo. Kuyembekeza kuti kuce ndiko kumene kwaika ambiri m'manda. Amene afika podzibaya heroin ndi nyereti imodzi anthu angapo amapatsirananso kacirombo ka HIV ndi matenda a ciwindi, ndipo akabwera kumudzi amadwalitsa ndi akazi ao.

Pali bodza lina limene lafala m'midzi kuyambira 2021, lakuti Boma linabvomereza camba. Ndalimva m'mabasi, ndalimva ndi kwa anthu ophunzira. Coonadi ndi ici. M'caka cimeneco Nyumba ya Malamulo inapanga malamulo atatu. Lina, Cannabis Act, lilola kulima camba ca mankhwala a m'cipatala ndi ca kufufuza kwa akatswiri, kwa okhawo amene apatsidwa laisensi ndipo ayang'aniridwa ndi Boma. Lina, Industrial Hemp Act, linena za mtundu wa mbeuyi wopangira nsalu, zingwe ndi mafuta, umene THC wake sapitirira 0.3 peresenti, ndipo suledzeretsa munthu. Naonso ufuna laisensi. Lacitatu linalowa m'malo mwa lamulo la 1993 loletsa mankhwala osokoneza bongo, limene linaika zaka mpaka 10 m'ndende kwa wolima ndi zaka mpaka 25 kwa wocita malonda. Palibe limodzi mwa atatuwa limene lilola munthu kubzala camba pakati pa cimanga cake, kucigulitsa kapena kucisuta. Zonsezo ndi milandu mpaka lero. Amene akuuzani kuti zinamasulidwa mumfunse akuonetseni laisensi yake.

Sindidzanamizira kuti sindimva dandaulo la mlimi. Feteleza ndi wodula, mvula yakhala yosadalirika, ndipo tonse tikumbukira cilala ca 2024 cimene cinaumitsa cimanga m'zigawo zambiri. Wogula camba amafika pakhomo ndi ndalama m'manja, sapima cinyezi, sauza munthu kuti abwere mwezi wamawa. Kwa mai wamasiye wolera adzukulu asanu ciyeso cimeneci si cacing'ono, ndipo ife olandira malipiro pa mwezi tisafulumire kumweruza. Koma tiyeni tiwerengere bwino. Wogulayo amapereka zocepa pamunda, nakagulitsa m'tauni timapepala ting'onoting'ono pa mtengo woposa kambirimbiri. Dzina lake lenileni simulidziwa, kumene akhala simukudziwa. A DEC akafika sapeza iye. Apeza mwini munda, pakuti munda suthawa. M'makhoti a m'maboma athu amene amaima m'bokosi pa milandu ya kulima kawirikawiri ndi alimi wamba, ena a imvi zao. Munthu akatsekeredwa nyengo imodzi yokha ya mvula, munda ugonera, ng'ombe zigulitsidwa kulipira maulendo a kukhoti, ndipo ana aleka sukulu. Phindu lapita ndi mlendo, mlandu watsala ndi mlimi, utsi watsala ndi ana a m'mudzi. Akulu anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, koma pa nkhani iyi zatembenuka: adya ndi akulu, opotedwa ndi ana.

Nanga amene wagwidwa kale ticite naye ciani? Coyamba, masulani cingwe. Cibaba ndi matenda, misala ndi matenda, ndipo onse awiri ali ndi cithandizo. Yambirani pa kiliniki ya kwanu. A kumeneko adzakutumizani kucipatala ca boma kapena ca cigawo, kumene kuli odziwa za matenda a maganizo, ndipo ofunika cithandizo capadera amatumizidwa ku Chainama Hills ku Lusaka. Dzina la Chainama lisakucititseni manyazi. Ambiri apitako nabwerera kwao kukalima ndi kukwatira, makamaka amene anafika msanga ndi kupitiriza kumwa mankhwala ao. Pouza a namwino musabise zimene wodwala anali kusuta kapena kumwa, pakuti cithandizo cimadalira pamenepo. A DEC naonso ali ndi alangizi amene nchito yao ndi kukambirana ndi ofuna kuleka ndi makolo ao, ndi kuphunzitsa m'masukulu.

Cenjezo limodzi ndi lofunika kwambiri. Munthu amene wakhala akumwa kacasu kapena Valium tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali musamtsekere m'nyumba kuti aleke tsiku limodzi. Thupi lake lingayambe kunjenjemera, kuona zinthu kulibe, kugwa ngati wakhunyu, ndipo ena amafa. Wotere ayenera kuleka pansi pa maso a acipatala. Ndipo wina akaleka miyezi itatu nagwanso, musati zakanika. Kugwanso kumacitika kwa ambiri. Cimene cimathandiza ndi kumbwezera ku cithandizo msanga, kumpatsa nchito ya manja yodzaza tsiku, ndi kumtalikitsa kwa anzake akale. Apa ndi pamene mudzi umene uli ndi munda wa camba kuseri kwa dambo umalepherera mwana wake, pakuti wocokera kucipatala amapeza fungo lomwelo likumdikira pakhomo.

Kwa inu a pampando a manthambi ndi a maseksheni, a mabungwe a amai ndi a acinyamata, pamodzi ndi mafumu athu, pempho langa ndi lakuti nkhaniyi muiyambe mvula isanagwe, osati pokolola. Itanani msonkhano mu October kapena November, muitane a zaumoyo ndi a zamalimidwe, ndipo mutumize mau ku ofesi ya DEC ya m'boma lanu kuti abwere kudzafotokoza lamulo pamaso pa onse, kuti pasakhale wonena kuti sanamve. Amene adalira mbeuyi cifukwa ca umphawi weniweni, makamaka amasiye ndi nkhalamba, alembedwe maina poyamba pa cithandizo ca mbeu ndi feteleza ndi m'makopaletivu a nshawa, soya ndi mpendadzuwa. Kuuza munthu kuti azule popanda comuikira m'malo ndi kutaya mau. Mu December ndi January, pamene mbeuyo ikali yaing'ono ndipo mwini wake sanaiwerengere ndalama, a mfumu ndi nduna zao ayendere minda ndi madimba, kuyambira ndi minda ya atsogoleri eni ake ndi ya abale ao. Ndipo pa msonkhano womwewo afunsidwe maina a anyamata onse a msinkhu wa sukulu amene ali kuchire ndi ng'ombe, kuti a komiti ya sukulu akaonane ndi makolo ao temu yoyamba isanatseguke.